Mankhwala a Mtima Wogunda Mosalongosoka

M'nkhani ino ndifotokoza za mankhwala awiri a mtima wogunda mosalongosoka. Ku Neno, odwala mtima amathandizidwa pa chipatala chachikulu ndi cha Lisungwi, mogwirizana ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, lomwe lidafika m'bomali mu 2007.

Mtima umagunda motsogozedwa ndi timphamvu tamagetsi. Digoxin amachedwetsa timphamvuti pochoka m'zipinda zam'mwamba kupita zam'munsi. Koma impso zikafooka, mankhwalawa amachuluka m'magazi, munthu n'kumasanza ndi kuona zinthu zachikasu. Atenolol amatchinga mphamvu ya adrenaline. Ena amafooka naye, ndipo amatha kudzutsa mphumu.

Ndaona kuti mawu oti "mtima ukuthamanga" amatanthauzanso mantha. Choncho wodwala azifotokozera dokotala mwatchutchutchu, ndipo asasiye mankhwala mwa iye yekha.