Mpeni wopinda wodula: ndalama zake n'zoyenera?

Funso la lero: mpeni wopinda wokwera mtengo, kodi umadula kuposa Okapi wa agogo?

Tiyambe ndi Okapi yemweyo. Anayamba kupangidwa ku Solingen, Germany, mu 1902, ndipo masiku ano amachokera ku South Africa. Chitsulo chake chimachita dzimbiri mukasenda mango n'kuupinda osaupukuta, chimabunthanso msanga. Koma mukaunola pamwala wa kuseri kwa nyumba, pakangopita mphindi ziwiri wathwanso.

Tsono pali Sebenza wa Chris Reeve, mkulu wobadwira ku Durban amene anakakhazikika ku Boise, ku America. Dzina loti Sebenza m'Chizulu likutanthauza kugwira ntchito. Chogwirira chake n'cha titanium, mpeniwo sugwedera ngakhale pang'ono ukatseguka, ndipo umakhala wakuthwa nthawi yaitali. Mtengo wake umaposa madola 400. Vuto lake, chitsulocho n'cholimba moti mwala wamba umangoterereka. Pamafunika chonolera chapadera, monga cha dayamondi. Ndiye tangoganizani mutaubwereketsa pamaliro posenda mbuzi, osabwerera!

Ine ndimati, ngati ntchito yanu n'kudula chingwe, nzimbe ndi nsomba, musawononge ndalama. Opinel wa ku France, wa chogwirira chamtengo ndi mphete yotsekera, ngokwanira.

Pogula, utseguleni, mugwedeze chitsulo uku ndi uku. Chikamagwedera, usiyeni. Kenako kanikizani pamsana pake, zala zili kutali. Loko ikamasuka, mpeniwo tsiku lina udzakupindikirani pachala. Mukafika nawo kunyumba, ikani dontho limodzi la mafuta a makina osokera pamene pamapindikira.