Liwu Lakuti Kismet Linachokera Kuti?

Inu amene mumawerenga mabuku a Chingerezi, kapena munakomanapo ndi kaliwu aka: kismet. Angerezi amakatchula chikachitika chinthu chimene ayesa kuti munthu sakadatha kuchilewa, makamaka mnyamata ndi namwali akakomana mosayembekezera nakondana. Tanthauzo lake lili pafupi ndi mawu aja timamva pamaliro, akuti "zinalembedwa."

Liwuli si lawo Angerezi ayi, nlobwereka. Analitenga kwa anthu a ku Turkey m'zaka za m'ma 1800, ndipo iwonso anali atalitenga kwa Aluya. Pa Chiarabu qisma ndilo gawo limene munthu alandira pogawana, ndipo tsinde lake ndi qasama, ndiko kugawa. Taganizani za nyama ya ku uzimba: yense abwerera kwawo ndi nthuli yake, wina yonona, wina ya mafupa okhaokha. Momwemo liwulo linafika potanthauza gawo la moyo limene munthu wagawiridwa. Aswahili a kugombe analitenganso, nati kismati, ndiwo mwayi. Ku Ulaya linamveka kwambiri ndi sewero la Edward Knoblock lotchedwa Kismet, limene linaonetsedwa ku London mu 1911, ndipo mu 1953 analisandutsa sewero la nyimbo. Koma aphunzitsi a Chisilamu, ponena za chilamulo cha Mulungu pa zonse zochitika, liwu lawo ndi lina, qadar.

Tsono apa akatekisiti atchere khutu. Kunena kuti m'moyo muli gawo lopatsidwa si kulakwa konse. Palibe mwa ife anasankha makolo ake, mtundu wake kapena tsiku lake lobadwa. Cholakwa chidza pamene munthu alonga ndi zochita zake zomwe m'gawo lomwelo. Chidakwa chigwera m'chitsime usiku, abale nati linali tsoka lake. Mwana atentha thupi ndi malungo, makolo nakhala naye m'nyumba masiku atatu, amvekere ngati zinalembedwa achira. Kodi analemba zimenezo ndani?

Eklezia aphunzitsa kuti Mulungu adziwiratu zonse, nasamala zonse, koma kudziwa kwakeko sikumanga munthu manja. Za ichi panali mkangano waukulu ku Ulaya m'masiku a Luther ndi Calvin, ndipo Msonkhano wa ku Trent, m'chaka cha 1547, unatsutsa poyera onse onena kuti ufulu wa munthu wakusankha unazimiratu ndi tchimo la Adamu.