Phunziro 18: Oyendetsa Ndege Amamverana

Tiwerenge

Iyi ndi ndege.
Ndege ili ndi mapiko awiri, mcira ndi mawilo.
Ndege ilibe nthenga. Siikupiza mapiko ngati khwangwala.
Injini imaikankhira kutsogolo. Ikathamanga kwambiri, mphepo imadutsa pa mapiko ndi kuinyamula.
Pa Ciputukezi ndege amaicha avião.

Kuno ku Marávia ndege timaiona ili kutali kumwamba. Imaoneka yaing'ono ngati namzeze, koma ikatera pansi ndi yaikulu kuposa kalasi yathu. Nthawi zina imasiya mzere woyera ngati ufa wotayika. Mzere umenewo si utsi wa moto. Ndi nthunzi ya madzi imene yaundana, cifukwa kumwambako kumazizira kwambiri.

Bwalo lalikulu la ndege m'cigawo cathu lili mu mzinda wa Tete. Dzina lake ndi Chingodzi. Ndege ikanyamuka pa Chingodzi imafika ku Maputo patapita maola pafupifupi awiri. Munthu wokwera macimbombo amagona panjira.

Ndani amayendetsa ndege?

Kutsogolo kwa ndege yaikulu kumakhala anthu awiri. Wamkulu amakhala kumanzere. Ameneyo ndi komandante. Wayenda maulendo ambiri, waona mvula, mphepo ndi nkhungu. Womuthandiza amakhala kumanja. Iye amaona zimene wamkulu akucita, amafunsa, amaphunzira. Tsiku lina nayenso adzakhala kumanzere.

Kodi komandante ndi mwamuna yekha? Iyayi. M'caka ca 2018 mayi wa kuno ku Moçambique, Admira António, anatsogolera ulendo wa ndege wocoka ku Maputo kupita ku Chimoio. Onse ogwira nchito m'ndegemo anali akazi. Atsikana inu, mwamva?

Palinso munthu wina amene sakwera ndege. Iye amakhala m'nsanja yaitali pa bwalo la ndege. Amaona ndege zonse, zotera ndi zonyamuka. Amalankhula ndi oyendetsa pa wailesi. Ngakhale komandante akhale wa imvi, sanyamuka wa m'nsanja asanalole.

Mverani mmene amalankhulira.

Wa m'nsanja: Dikirani. Musanyamuke.
Woyendetsa: Ndikudikira. Sindinyamuka.
Wa m'nsanja: Tsopano nyamukani.
Woyendetsa: Tsopano ndikunyamuka.

Mwaona? Woyendetsa sayankha kuti "inde" basi. Amabwereza mau amene wamva. Ngati wamva molakwa, wa m'nsanja amadziwa pomwepo ndipo amamukonza.

Tisewere

Khalani awiriawiri. Mmodzi akhale wa m'nsanja, wina akhale ndege. Wa m'nsanja anene kuti, "Khotani kumanja." Ndege ibwereze kuti, "Ndikukhota kumanja," kenaka itambasule manja ndi kukhota. Amene wakhota asanabwereze mau, akhale pansi. Musagundane, bwalo la sukulu ndi lalikulu.

Zilembo za oyendetsa ndege

Pa wailesi pamakhala phokoso. B ndi D zimamveka ngati cimodzi. Cifukwa cace oyendetsa ndege a pa dziko lonse anapatsa cilembo ciliconse dzina. A amati Alfa. B amati Bravo. C amati Charlie. D amati Delta. K amati Kilo, ngati kilo ya mcere. Z amati Zulu.

Nanga L? L amati Lima! Lima ndi mzinda waukulu wa dziko la Peru. Koma ife tikamva "lima" timaganiza za khasu. Ndiye kuti cilembo cimeneci simudzaciiwala.

Ndege iliyonse ili ndi nambala yake pa thupi, monga galimoto. Nambala za ndege za ku Moçambique zimayamba ndi C9. Za ku Malawi zimayamba ndi 7Q, za ku Zambia ndi 9J.

Ifenso tipange zathu.
A ngati atate.
B ngati bowa.
C ngati cimanga.
D ngati dengu.
Pitirizani nokha: F, K, M, N.

Mwana ndi agogo

Mwana: Agogo, bwanji mumayang'ana pansi ndege ikamadutsa?
Agogo: Mdzukulu wanga, ndili mwana ngati iwe kunali nkhondo. Ndege ikalira tinkathawira pansi pa mitengo.
Mwana: Kodi ndege zonse zinali zoipa, agogo?
Agogo: Iyayi. Nkhondo itatha tinaona zina zoyera. Zina zinabweretsa cimanga nthawi ya njala.
Mwana: Nanga iyi yadutsayi?
Agogo: Iyi yanyamula anthu apaulendo. Ibayibitse.
Mwana: Tiibayibitse tonse, agogo.

Mafunso

Ndani amakhala kumanzere m'ndege?
Bwanji woyendetsa amabwereza mau a wa m'nsanja?
Jambula ndege, ulembe C9 pa thupi lake.

Kwa makolo

Inu makolo, phunziro ili mwana sangalimalize yekha. Tamutuma kuti akakufunseni za ndege zimene munaziona. Conde musamubweze. Ambiri a inu mudziwa zambiri kuposa buku lino.

Nkhondo yomenyera ufulu inakula m'cigawo ca Tete kuyambira 1968, ndipo akuluakulu a ku Fingoé ndi midzi yozungulira amakumbukira ndege za asilikali a Ciputukezi. Itadza nkhondo yaciwiri, mabanja ambiri anathawira ku Zambia ndi ku Malawi. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Outubro 1992. Kucokera pamenepo mpaka 1994 m'dziko munali asilikali a ONUMOZ, ndi ndege zao zoyera zolembedwa UN. M'caka ca 2000, mtsinje wa Limpopo utasefukira, helikopita ya ku South Africa inapulumutsa mayi amene anaberekera mwana mu mtengo ku Chibuto. Zonsezi ndi ndege. Mwana auzidwe zoopsazo mwa msinkhu wake, koma amvenso zinazo, kuti asakule akuthawa phokoso lililonse la kumwamba.

Pali nkhani imodzi imene sitinaiike m'gawo la ana, cifukwa ndi yolemera. M'caka ca 1977, pa cisumbu ca Tenerife, ndege ziwiri zazikulu zinaombana zili pansi, mu nkhungu. Anafa anthu 583. Komandante wa ndege imodzi anali munthu wolemekezeka kwambiri, mphunzitsi wa oyendetsa anzake. Iye anayesa kuti wa m'nsanja wamulola kunyamuka, pamene ndege inzake inali ikadali panjira. Mmodzi wa omuthandiza anakayika nafunsa, koma wamkuluyo anayankha motsimikiza, ndipo funso linathera pomwepo.

Ngozi imeneyi inasintha kaphunzitsidwe ka oyendetsa ndege. Mau a pa wailesi anakonzedwa kuti asamveke pawiri. Wamng'ono amaphunzitsidwa kunena momveka akaona coopsa, ndipo wamkulu amaphunzitsidwa kumumvera. Woyendetsa akakumana ndi mphepo yoipa amauza wa m'nsanja, kuti obwera m'mbuyo adziwe. Akalakwitsa amalemba, anzake awerenge. M'ndege mulinso bokosi losunga mau ao onse. Anthu amalicha bokosi lakuda, koma mtundu wake ndi wa lalanje, kuti lisavute kupeza.

Zimenezi si zacilendo kwa ife. Asodzi a pa nyanja ya Cahora Bassa amafunsana za mphepo asanakankhe bwato, ndipo mnyamata samangopalasa popanda kumva kwa amene anayamba kale. Cimene ine ndiona kuti cimatisowa ndi mbali inayo. Ana athu amadziwa kugwada ndi kukhala cete pamaso pa akulu, koma kunena kuti "atate, apo pali njoka" kapena "aphunzitsi, sindinamve" ambiri amaopa. M'kalasi muno ndimawauza kuti kufunsa mwaulemu si mwano.

Madzulo ano mukamutuma mwana, yesani njira ya wa m'nsanja. Nenani kuti, "Katenge mcere ndi macesi kwa azakhali ako." Iye abwereze kuti, "Ndikukatenga mcere ndi macesi kwa azakhali," ndiye apite. Mawa abwere ndi cilembo cimodzi cimene mwapangira dzina pamodzi, ndi nkhani imodzi ya ndege imene wamva pakhomo. Ngati agogo angathe kuyenda, abwere adzaifotokoze okha Lacisanu.