Yankho kwa aphunzitsi a ku Matawale

Zikomo mayi athu a ku Matawale, m'munsi mwa phiri la Zomba, chifukwa cha kalata yanu. Mwati mwaphunzitsa nthawi yaitali pasukulu ina ya pulaiveti, koma mpando wa ahedi ukapezeka, eni sukulu amakatenga bambo wa kwina, inu n'kukusiyirani zoyang'anira atsikana kogona ndi zophika pa tsiku la makolo.

Mayi, gwero lake lilipo. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati polemba anthu ntchito, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse, komanso asapitirire 60. Koma lamuloli likunena za ntchito za boma. Kupulaiveti amasankha ndi mwini sukulu, ndipo ambiri amatola wofanana nawo.

Ndiye musadikire kuitanidwa. Pemphani kutsogolera dipatimenti, kuyendetsa mayeso a MANEB, makamaka kuona nawo mabuku a ndalama. Apa ndipo pagona nkhani, chifukwa mwini sukulu sapereka makiyi a ofesi kwa munthu wosadziwa m'mene fizi imalowera ndi kutuluka. Mapepala nawonso ngofunika, ndipo inu muli ndi mwayi: Yunivesite ya Malawi ku Chirunga ndi koleji ya Domasi zili pakhomo pomwe.

Chitsanzo cha mayi amene sanadikire kuitanidwa chilipo: Mayi Joyce Banda, mwana wa kwa Malemia ku Zomba komweko, anayambitsa Joyce Banda Foundation mu 1997, yomwe ili ndi sukulu ku Chimwankhunda mu Blantyre, asanakhale pulezidenti mu 2012.

Inu a ISAMA, bungwe la sukulu za pulaiveti, ngati mukumvera, tatiuzani: m'sukulu zanu ahedi achizimayi alimo angati? Tilembereni, tidzawerenga kalatayo pompano.