Kompyuta Ikamazima n'Kuyakanso Yokha: Idziweni Power Supply

Inu amene mumayang'anira makompyuta pasukulu, mu ofesi kapena pamalo otayipira makalata, zulani chingwe kukhoma, mutsegule chivundikiro cha kompyuta ya padesiki. Pakona yakumbuyo muona kabokosi kachitsulo kokhala ndi fani. Kameneko ndi power supply. Kamalandira magetsi a mavolti 230 n'kuwatsitsa kufika pa 12, 5 ndi 3.3, amene motherboard ingathe kupirira. Mtolo wa mawaya ake umathera pa pulagi ya mano 24, kapena 20 pa makina akale, motsatira dongosolo la ATX limene kampani ya Intel inakhazikitsa mu 1995.

Pa mawaya onsewo, atatu ndiwo muwadziwe bwino. Wapepo umapereka mavolti 5 nthawi zonse, ngakhale kompyuta ili chizimire, bola chingwe chili kukhoma. N'chifukwa chake kanyali kamayakabe pa motherboard zina, ndipo n'chifukwa chake musamazule RAM musanazule chingwe. Wobiriwira ndi wodzutsa: mukadina batani loyatsira, motherboard imaugwiritsa ntchito kuuza power supply kuti iyambe ntchito.

Waya wotuwa ndiye mwini nkhani. Magetsi akangoyamba kulowa sakhala okhazikika, choncho purosesa imaimitsidwa kaye osachita kalikonse. Pakadutsa kanthawi kosapitirira theka la sekondi, power supply imatumiza chizindikiro pa waya wotuwawo chonena kuti magetsi ali bwino, ndipo purosesa imayamba kuwerenga BIOS. Magetsi akafooka muli pakati pa ntchito, chizindikirocho chimachoka, purosesa n'kubwerera poyambira. Inu mumangoona sikirini yada, kenaka kompyuta ikuyakanso yokha, kalata munkalemba ija yapita. Ambiri amathamangira kunena kuti ndi vairasi, n'kulipira munthu kuti aikemo Windows yatsopano, chonsecho vuto lili pa soketi yogwedera, magetsi ofooka, kapena power supply yotopa yomwe yadzaza fumbi. Yambani mwaona zimenezi musanatulutse ndalama.

Batani la reset silidula magetsi. Fani imapitiriza kuzungulira. Purosesa yokha ndiyo imabwezedwa poyambira. Lidineni pokhapokha kompyuta itauma, mbewa ndi kiyibodi osayankha. Zikakanika, dinikizani batani loyatsira kwa masekondi anayi kapena kuposerapo, idzazima. Njira zonse ziwirizi zimataya zomwe simunasunge.

Kwathu kuno magetsi amathimathima, ndiye lowani mu BIOS mufufuze pamene palembedwa Restore on AC Power Loss kapena mawu ofanana nawo. Sankhani kuti kompyuta ikhalebe yozima magetsi akabwera, chifukwa nthawi zina amabwera n'kuchokanso kangapo asanakhazikike. Ngati thumba likulola, gulani UPS. Imakupatsani mphindi zingapo zosungira ntchito ndi kuzimitsa bwinobwino.

Tsiku ndi nthawi zikamasokonekera magetsi akangochoka, kabatire ka pa motherboard kozungulira ngati ndalama yachitsulo katha. Ndi CR2032 ka mavolti 3, ndipo kamapezeka kwa okonza mawotchi. Pa makina akale ochokera ku America, yang'anani kumbuyo ngati pali kaswitchi kofiira ka 115 ndi 230. Kakhale pa 230, apo ayi power supply ipsa mukangolumikiza. Kabokosiko musakatsegule nokha, chifukwa mkati mwake mumatsalira magetsi oopsa ngakhale chingwe mutazula.