Blueberry pakhomo ku Bindura: zoyenera ndi zosayenera

Ife a ku Bindura amene makolo athu anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito m'migodi ya Trojan ndi Shamva tinazolowera dimba la chimanga ndi repu kuseri kwa nyumba. Blueberry, amene mafamu a ku Mashonaland akutumiza ku Ulaya, sagwirizana ndi chisamaliro chimenecho. Zambiri zomwe zimakometsa repu zimapha blueberry.

Dothi

Zoyenera: Bzalani m'chidebe chachikulu choboola pansi, modzaza makungwa a paini owolerana ndi mchenga pang'ono. Kamtengoka kamafuna dothi la asidi, la pH 4.5 mpaka 5.5.

Zosayenera: Musathire phulusa, laimu kapena zitosi za nkhuku. Apa ndi pomwe ambiri amalakwa, poganiza kuti akukachitira zabwino. Ndipo chonde, musakumbe dothi pafupi ndi milu ya zotsalira za mumgodi, chifukwa zipatsozi adzadya ndi ana anu.

Madzi

Zoyenera: Tcherani madzi a mvula a padenga mumgolo. Thirirani pang'onopang'ono koma pafupipafupi, poti mizu yake ndi yopyapyala ngati tsitsi ndipo sipita pansi. Phimbirani pamwamba ndi masamba a paini.

Zosayenera: Madzi a pamjigo amene amasiya zoyera m'ketulo ali ndi laimu, asiyeni. Masamba akayamba chikasu mitsempha yokha itatsala yobiriwira, dziwani kuti asidi wachepa. Madzi asadikhe m'chidebe.

Feteleza

Zoyenera: Ammonium sulphate wotapa ndi zala.

Zosayenera: Wodzaza dzanja ngati wa chimanga, amawotcha mizu.

Kuthyola

Zoyenera: Chaka choyamba thotholani maluwa kuti kamtengo kakhwime kaye. Zimawawa, koma mudzakolola zambiri mtsogolo. Chipatso chikasanduka buluu, dikirani masiku angapo. Chakupsa chimagwera chokha m'dzanja mukachikhudza. Tchingirani mbalame ndi neti.

Zosayenera: Musathyole chofiirira kuphesi, sichidzatsekemera m'nyumba ngati nthochi. Musatsuke zosunga, tsukani pokhapokha mukudya.

Kuphika

Zoyenera: Ponyani m'phala litapsa kale, kapena phikani jamu ndi shuga ndi madzi a ndimu.

Zosayenera: Musachulutse soda m'chigumu, zipatso zimasanduka zobiriwira.

Yambani ndi mbande ziwiri zokha za mtundu wopirira kutentha, ndipo mufunse wogulitsayo dzina la mtunduwo musanalipire.