Lipoti lako labwera lofiira? Khala pansi, mwana wanga

Zikomo Azakhali,
Ndili chaka chachiwiri ku yunivesite komwe ndikuphunzira Biology. Mu labu ndimachita bwino, koma lipoti lililonse limabwera lili psuu ndi inki yofiira. Chonsecho Chingerezi ndinakhoza bwino pa MSCE. Kodi aphunzitsiwa amandida?
Wokhumudwa

Mwana wanga,

Akudere chiyani? Unawabera nkhuku? Lipoti wanditumiziralo ndaliwerenga, ndipo pachiganizo choyamba pokha ndinapuma katatu ndisanaone mpumiro. Wadzazamo mawu akuluakulu aja unkakometsera nawo chimangirizo kusekondale. Kumeneko ankakupatsa malikisi chifukwa chokometsa. Kuno akufuna kudziwa chimene unachita ndi chimene unaona, basi.

Unabzala nyemba, zina n'kumazithirira madzi amchere, zina madzi wamba. Ndiye walemba kuti za madzi wamba "zinamera mochititsa chidwi". Chidwi cha yani? Zinali zingati? Mchere unali wochuluka bwanji m'lita imodzi? Mbale unabzalamozo zinali pazenera kapena m'kabati? Unaziwerenga tsiku lachingati? Zonsezi wazisunga m'mutu mwako ngati kuti aphunzitsi ako amaombeza ula.

Tamvera. Ukamuuza mnzako kuti thobwa ndi ufa ndi chimera, osamuuza kuti chimera amathira phala litayamba kuzizira, adzaphika zosamweka ndipo adzakutukwana. Gawo lija amati Methods n'chimodzimodzi: ulembe moti munthu wa ku Mzuzu amene sanakuonepo atenge pepala lako, abwereze zonse popanda kukuimbira foni. Ulilembe tsiku lomwelo ukangochoka mu labu, manja akadali ndi dothi. Ukadikira Lamlungu usiku udzayamba kupeka, ndipo aphunzitsi amanunkhiza zopeka ali patali.

Pa Results uike zimene maso anaona zokhazokha: nyemba 17 mwa 20 zinamera m'madzi wamba, 6 mwa 20 m'madzi amchere, tsiku lakutilakuti. Nkhani yakuti mchere umalepheretsa mbewu kumwa madzi chifukwa cha osmosis uisunge, malo ake ndi pa Discussion. Ndipo zitatu zinakana kumera m'madzi wambazo usazibise pansi pa mphasa. Ndikudziwa, umafuna tebulo looneka bwino. Koma ukazolowera kukonza manambala lero pa nyemba, mawa udzakonza pa magazi a wodwala malungo, munthu n'kupatsidwa mankhwala olakwika.

Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno uja mumamuloweza pamayeso, sanalembe kuti nsawawa zambiri zinali zosalala. Anaziwerenga imodziimodzi: zosalala 5,474, zamakwinya 1,850. Pepala lake linatuluka mu 1866, anthu sanalilabadire, mwini wake n'kumwalira mu 1884. Pofika 1900 akatswiri ena analifukula, ndipo chifukwa manambala anali pambalambanda, anatha kuwayerekeza ndi awo. Akanalemba kuti "zochititsa chidwi", bwenzi dzina lake sukulidziwa n'komwe.

Maina nawonso wawazunza. Nyemba zako ndi Phaseolus vulgaris: liwu loyamba chilembo chachikulu, lachiwiri chaching'ono, onse awiri opendekera, kapena kuwadula mzere kunsi ukamalemba pamanja. Maina a mawu awiri otere anawakhazikitsa Carl Linnaeus mu 1753, si nkhanza za aphunzitsi ako. Ife kumsika timangoti chambo, koma wasayansi akufunsa kuti chambo chiti: Oreochromis karongae, Oreochromis squamipinnis kapena Oreochromis lidole?

Tsopano ndime yachitatu ija. Chingerezi chake chasintha mwadzidzidzi, chasalala kuposa chako. Usandiyang'ane choncho. Ngati ine wa magalasi ndaona kuti waikoka pa intaneti, nanga iwo? Kuba mawu a eni kumachotsetsa anthu sukulu, ndipo sindikufuna kuti udzatsike basi ndi chikwama pakati pa chaka, mayi ako atagulitsa mbuzi. Werenga, tseka bukulo, lemba m'mawu ako, kenaka utchule mwini wake ndi chaka.

Pukuta misozi. Inki yofiirayo imapweteka, makamaka kwa mwana amene anazolowera kuomberedwa m'manja, koma mphunzitsi amene wataya mtima nawe amangoika malikisi n'kudutsa. Awa akhala pansi kukulembera m'mphepete mwa tsamba lililonse. Safunsa anadya phula: nyamula lipotilo, ugogode pa ofesi yawo, uwapemphe akusonyeze ndime imodzi yokha mmene ikanakhalira. Lotsatira ukalilemba, Abstract ubwere nayo pomaliza, ndipo lonselo ukamuwerengere mokweza mnzako wa m'chipinda amene amaphunzira zina. Pamene akwinye nkhope, pomwepo udule chiganizo pawiri.

Ukatero unditumizire ndilione. Koma liwu lija lakuti "notwithstanding" ndikalipezamonso, ndibwera ndekha ndi chikwapu.

Ndine,
Azakhali ako